Santiago Ramón y Cajal: mwana wosamva amene adajambula maselo a ubongo

Mwezi wathawu, titamaliza sikelo ya ana m'mudzi wina kwa Mpama, mayi wina yemwe ndi volontiya wa zaumoyo adandionetsa kakanema pafoni pake. Kakanemako kankati munthu akamakhala chete tsiku lililonse, maganizo onse ali pa mpweya umene akupuma, ubongo wake umakula pakangotha masabata 8. Chizolowezi chimenechi azungu amachitcha mindfulness. Mayiwo ankafuna kudziwa ngati ndi zoona, ndipo ngati ndi zoona, kodi aziwaphunzitsa amayi a m'gulu lawo? Ndidawayankha mothamanga chifukwa dzuwa lidali litapendeka. Lero ndiyankha mofatsa, koma ndiyambira patali, pa munthu amene adayamba kuona ndi maso ake mmene ubongo udapangidwira, nayambanso kuganiza kuti zimene timachita mobwerezabwereza zimausintha.

Dzina lake ndi Santiago Ramón y Cajal. Kwawo ku Spain munthu amatenga dzina la bambo ndi la mayi lomwe. Ramón lidali la bambo ake, Cajal la mayi ake, ndipo dziko lonse lidazolowera kumutchula ndi la kuchikazi. Ife a ku Chiradzulu kuno, amene mwana timamuwerengera kwa mayi, izi sizingatidabwitse.

Adabadwa pa 1 May 1852 m'kamudzi kosauka ka m'mapiri kotchedwa Petilla de Aragón. Bambo ake, a Justo Ramón, adakulira mu umphawi, nadzivutikira okha mpaka adakhala dokotala wa kumidzi. Adali munthu wolimba mtima, wokhulupirira kuti mwana amaongoka ndi mkwapulo. Tsoka ilo, mwana wawo woyambayo sankaongoka. Ankathawa sukulu, ankaba zipatso m'minda ya eni, ankasaka zisa za mbalame, ndipo pa nkhani yoponya miyala panalibe mnzake womuposa. Chimene ankakonda kuposa zonse ndi kujambula. Ankajambula pamakoma, pazitseko, m'mphepete mwa mabuku. Bambo ake ankati kujambula ndi ntchito ya alesi, ndipo adamuletsa.

Kusukulu ya ansembe ku Jaca maphunziro adali oloweza pamtima, chimene iye sankachitha. Ankamumenya, kumutsekera m'chipinda, kumumana chakudya. Ali ndi zaka 11 adapanga mzinga wa mtengo, nauthira wonga, n'kuphulitsa geti la munthu woyandikana nawo. Adagona m'chitokosi masiku angapo, bambo ake atavomereza. Kenako adamuchotsa sukulu n'kukamusiya kwa wometa tsitsi, pambuyo pake kwa wosoka nsapato.

Kunena mosabisa, mwana wotereyu kwathu kuno tikadamulemba kale kuti mutu wake sugwira, ena akadamutengera kwa sing'anga. Sindikunena kuti mwana aliyense wosamva adzakhala katswiri, ambiri sakhala. Koma ndaona ana ochuluka akutchedwa mbuli pamene vuto lawo ndi khutu lotuluka mafinya, maso osaona pa bolodi, magazi ochepa, kapena kupita kusukulu ndi njala. Dzina loipa likangomumata mwana, palibenso amene amafufuza.

Zinthu zidatembenuka mu 1868. Bambo ake adaganiza zomuphunzitsa okha za thupi la munthu, ndipo awiriwa ankapita kumanda akale kukatola mafupa. Mnyamatayo ankawajambula, fupa lililonse ndi timabowo take. Apa m'pamene a Justo adaona kuti luso limene ankalimenya lija lili ndi ntchito. Mwana amene ankalephera kuloweza mawu ankakumbukira chilichonse chimene wachigwira ndi kuchijambula. Mu 1873, ali ndi zaka 21, adamaliza maphunziro a udokotala ku Zaragoza.

Adalowa usilikali ngati dokotala, ndipo mu 1874 adamutumiza ku Cuba kumene kudali nkhondo. Adamuika pa kachipatala ka kutchire, m'dera la madambo, kodzaza asilikali odwala malungo ndi kamwazi. Naye adadwala matenda awiri onsewo. Nthawi imeneyo palibe ankadziwa kuti malungo amafala ndi udzudzu. Zimenezi zidadzatsimikizika kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Adabwerera kwawo mu 1875 atatheratu, ndipo patapita zaka zochepa adayambanso kutsokomola magazi, chizindikiro cha chifuwa chachikulu. Adachira. Ndalama zimene adasunga ku usilikali zidamuthandiza kugula, mu 1877, maikulosikopu ake oyamba, makina a mtundu womwe uja amayezera magazi ndi makhololo ku labu. Mu 1879 adakwatira Silveria Fañanás, ndipo adabereka ana 7. Kolera atabuka ku Valencia mu 1885, kumene ankaphunzitsa, adafufuza za kachilombo kake, ndipo akuluakulu a ku Zaragoza adamuthokoza ndi maikulosikopu abwino kwambiri a Zeiss.

Tsono mkangano umene adaupeza udali wotere. Akatswiri adali atavomereza kale kuti chiwindi, khungu, minofu, zonse n'zopangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, lililonse palokha. Koma ubongo ukaikidwa pa makina unkangooneka ngati ulusi wopiringizana. Ambiri adagamula kuti ubongo ndi ukonde umodzi wolukana, wopanda polekezera, ngati neti ya udzudzu. Mmodzi mwa okhulupirira zimenezi adali Camillo Golgi wa ku Italy, yemwe mu 1873 adatulukira njira yodetsera maselo a ubongo ndi mankhwala a siliva. Ubwino wa njirayi ndi woti imadetsa maselo ochepa okha pa 100 aliwonse, koma limene yaligwira imalidetsa lonse, thunthu ndi nthambi zomwe, n'kumaoneka bii pakati poyera.

Cajal adaiona njirayi mu 1887 ku Madrid, kwa dokotala wina dzina lake Luis Simarro. Adaikonza kuti izigwira bwino, kenako adachita chinthu chanzeru koma chosavuta kumva. Mlimi aliyense akudziwa kuti m'munda wa maungu mu February sungadziwe kuti tsinde ili layambira pati, latherera pati. Zonse zayanga pamodzi. Koma ukapita maungu atangomera, phando lililonse limaoneka palokha. Cajal adasiya ubongo wa nyama zazikulu, nayamba kuyeza wa anapiye a m'dzira ndi wa tiana ta nyama. Mu 1888, ali ku Barcelona, adaona zimene ena adalephera kuona: selo lililonse la ubongo lili palokha. Nthambi zake zimafika pafupi kwambiri ndi selo linzake, koma sizilumikizika kukhala chinthu chimodzi. Adaonanso timinga ting'onoting'ono pa nthambizo, timene ena ankati ndi litsiro chabe la mankhwala. Lero tikudziwa kuti pa timinga timeneti m'pamene uthenga wambiri umalowera.

Zonsezi ankazijambula ndi dzanja, ndi inki. Pa zojambulazo ankaikapo timivi toonetsa kumene uthenga ukulowera: umalowa pa nthambi zifupizifupi, n'kudutsa pa thunthu, n'kutuluka pa ulusi umodzi wautali. Adazindikira zimenezi poyang'ana minofu yakufa, yosasuntha, pongoganizira mmene maselo a m'diso ndi a m'mphuno adayalidwira. Ine ndidakumana ndi timivi timeneti m'buku ndili ku Malawi College of Health Sciences, ndipo ndidangotiloweza kuti ndikhoze mayeso, osadziwa kuti woyamba kutijambula adali mnyamata wosoka nsapato.

Vuto lidali loti Spain sankawerengedwa pa nkhani za sayansi, ndipo akatswiri sankawerenga Chisipanishi. Cajal adayambitsa magazini akeake, kulipira yekha, n'kumatumiza kunja. Kudali zii. Mu October 1889 adatenga ndalama zake, maikulosikopu ndi magalasi ake oyezerapo, ulendo wa ku Berlin ku msonkhano wa akatswiri a za thupi. Adayala zinthu zake pakona, namukoka Albert von Kölliker, katswiri wamkulu wa zaka zoposa 70, kuti adzaone yekha. Nkhalambayo idasuzumira, idakhutira, ndipo idayamba kuphunzira Chisipanishi kuti iziwerenga zolemba zake. Mu 1891 katswiri wina wa ku Germany, Wilhelm Waldeyer, adalipatsa selo la ubongo dzina loti neuron, ndipo mu 1897 Charles Sherrington wa ku England adatcha malo okumanirana maselo awiri synapse.

Kutchukaku kudali ndi mtengo wake, ndipo adaulipira kwambiri ndi a pakhomo. Ndalama zinkathera ku mankhwala ndi kusindikiza, Silveria n'kumayendetsa banja ndi zotsala. M'zaka zomwezo mwana wawo wamkazi, Enriqueta, adamwalira ali wamng'ono ndi matenda oumitsa khosi. Bambo amene ankadziwa ubongo kuposa wina aliyense padziko adalibe mankhwala opulumutsira ubongo wa mwana wake. Mankhwala amene timabaya lero mwana akabwera ndi khosi louma adali asadatulukiridwe.

Tsopano tifike pa funso la mayi aja. Mu 1894 Cajal adaitanidwa kukalankhula ku Royal Society ku London. Kumeneko adapereka ganizo lakuti kugwiritsa ntchito mutu sikuonjezera chiwerengero cha maselo, koma kungachititse maselo amene alipo kale kuphuka nthambi zatsopano ndi kulimbitsa malo amene amakumanirana. Pambuyo pake adapereka chitsanzo cha woimba piyano, amene zala zake zimatheka pokhapokha atayeserera zaka zambiri. Ife tingaganize za wa kabaza amene amatsika chitunda atanyamula munthu ndi thumba la chimanga osagwa, kapena mtsikana wosenza ndowa yodzaza osagwirira. Sadabadwe akutha. Ganizoli likuchokera pa zimene adaona mu 1888 zija. Ubongo ukadakhala ukonde umodzi wowotcherera, pakadasowa posinthira. Koma popeza maselo amangokumana, kukumanako kungathe kulimba, kufooka, kuchuluka kapena kutha. Munthu ali ndi maselo otere pafupifupi mabiliyoni 86, ndipo limodzi limatha kukumana ndi anzake zikwi zingapo.

Dziwani kuti ili lidali ganizo chabe. Cajal sadaone nthambi ikuphuka chifukwa choti munthu waphunzira. Makina ake sakadatha. Umboni udabwera iye atamwalira kale, poyamba pa nyama, kenako pa anthu, makina a MRI ojambula ubongo wa munthu wamoyo atapezeka. Mu 2000 Eleanor Maguire ndi anzake adapeza kuti madalaivala a matakisi ku London, amene amaloweza misewu zikwizikwi, ali ndi mbali ina ya hippocampus, chigawo chothandiza kukumbukira, yokulirapo kuposa anthu ena. Mu 2004 ku Germany anthu adaphunzitsidwa kuponya ndi kuwakha timipira titatu kwa miyezi itatu, ndipo chigawo cha ubongo choona zinthu zoyenda chidasintha pang'ono. Atasiya, chidayamba kubwerera.

Mindfulness idalowa m'chipatala mu 1979, pamene Jon Kabat-Zinn adayambitsa maphunziro, amene lero amatenga masabata 8, pa chipatala cha yunivesite ya Massachusetts ku America, othandiza anthu a ululu wosatha ndi nkhawa. Adatenga njira zosinkhasinkha za Abuda n'kuchotsamo zachipembedzo. Munthu amakhala phee, n'kumamvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka. Maganizo akathawira ku ngongole kapena ku feteleza, amawabweza modekha, osadzikalipira. Akathawanso, amawabwezanso. Ntchito yake ndi imeneyo basi. Malinga ndi ganizo la Cajal, n'zomveka kuyembekeza kuti kubwereza kotere kusiye chizindikiro mu ubongo.

Ndipo kafukufuku woyamba adaoneka ngati akuvomera. Mu 2005 Sara Lazar wa ku Boston adayeza anthu 20 amene adakhala akusinkhasinkha kwa zaka, napeza kuti khungu la pamwamba la ubongo wawo lidali lochindikala pang'ono m'malo okhudza chidwi ndi kumva za m'thupi. Koma kodi kusinkhasinkhako ndiko kudachindikalitsa, kapena anthu obadwa choncho ndiwo amakonda kusinkhasinkha? Kafukufukuyo sakadayankha. Mu 2011 gulu lomwelo, motsogozedwa ndi Britta Hölzel, lidayeza anthu 16 asadayambe ndi atamaliza masabata 8 aja, nalengeza kusintha mu hippocampus. Apa m'pamene padachokera nkhani ya m'kakanema kaja. Chimene kakanemako sikadanene ndi ichi: mu 2022 akatswiri a ku yunivesite ya Wisconsin, Tammi Kral ndi Richard Davidson pamodzi ndi anzawo, adabwereza kafukufukuyo ndi anthu 218, ogawidwa m'magulu mwamaere, ndipo sadapeze kusintha kulikonse m'kapangidwe ka ubongo pa masabata 8. Davidson ndi munthu amene wathera moyo wake wonse akufufuza ndi kulimbikitsa kusinkhasinkha, koma adasindikiza zimene adapeza.

Ine ndikuti anthu 218 osankhidwa mwamaere akulemera kuposa 16. Zoti ubongo umakula pa masabata 8 musawauze amayi. Mwina pamafunika zaka, mwina kusintha kulipo koma n'kochepa koti MRI singaone, poti kadontho kamodzi pa chithunzi cha MRI kamakwirira maselo zikwi zambirimbiri. Izi sizikutanthauza kuti mchitidwewu ndi wachabe. Mu 2014 akatswiri a ku Johns Hopkins adasonkhanitsa kafukufuku 47 napeza kuti umachepetsako nkhawa, kukhumudwa ndi ululu, pang'ono ndithu koma mooneka. Sadapeze umboni woti umaposa njira zina monga mankhwala kapena masewera olimbitsa thupi. Mayi amene mtima ukumuthamanga ndi maganizo akhoza kupindula ndi mphindi zochepa zokhala chete, ndipo sizilira ndalama. Wina akamakulipiritsani polonjeza ubongo watsopano, sungani ndalama yanu. Chenjezo langa kwa mavolontiya ndi lakuti anthu ena amene adaona zoopsa, monga amene adataya abale pa namondwe wa Freddy mu March 2023, akatseka maso n'kukhala chete zithunzi zija zimabwerera mwamphamvu. Otere musawakakamize. Ndipo amene sakugona, sakudya, kapena akulankhula zodzipha, abwere kuchipatala tsiku lomwelo. Wa khunyu kapena wa matenda a maganizo asasiye mankhwala chifukwa wayamba kusinkhasinkha.

Cajal adali ndi mbali inanso imene opanga timakanema saitchula. Atafufuza mmene mitsempha imavulalira ndi kupola, adalemba m'buku lake la 1913 ndi 1914 kuti mu ubongo wa munthu wamkulu maselo akafa salowedwa m'malo, ndipo adasiyira akatswiri a m'tsogolo ntchito yoyesa kusintha zimenezo. Mpaka pano akatswiri akukanganabe ngati malo ochepa, monga hippocampus, amabala maselo atsopano mwa munthu wamkulu, koma pa mbali yaikulu ya ubongo mawu ake akadali oona. Kwa ife kuno mbali imeneyi ndiyo yolemera. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre padaikidwa makina a MRI mu 2008, ndipo mu 2015 Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzawo adaonetsa kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a mu ubongo amafa chifukwa ubongo umatupa mpaka kupanikiza chigawo choyendetsa kupuma. Ena mwa opulumuka amatsala ndi khunyu, kuvutika kulankhula kapena kuphunzira. Neti, kuthamangira kuchipatala thupi likangotentha, kuchirira kuchipatala kuti mwana asabanike pobadwa, phala la magulu osiyanasiyana: izi zimasunga maselo amene akatayika sabwerera.

Komanso ganizo lake la 1894 ndilo limatipatsa chifukwa chosatayira mtima. Agogo amene afa ziwalo ndi sitiroko akamayeserera kugwira kapu tsiku ndi tsiku, maselo otsala amatsegula njira zina. Mwana amene adakomoka ndi malungo akamaimbiridwa, kulankhulidwa, kuseweretsedwa ndi kupititsidwa ku sukulu ya mmera mpoyamba, nthambi zimaphuka pa zimene zatsala. Zimatenga miyezi, nthawi zina zaka, ndipo si onse amabwerera mwakale.

Cajal adasamukira ku Madrid mu 1892 nakhala komweko moyo wake wonse. Mu 1900, chaka chimene John Chilembwe ankayamba mishoni yake ku Mbombwe, iye adalandira mphoto yaikulu pa msonkhano wa madokotala a dziko lonse ku Paris. Mu 1906 adapatsidwa mphoto ya Nobel pamodzi ndi Golgi. Awiriwa adakumana ku Stockholm, ndipo Golgi adagwiritsa ntchito mpata wake wolankhula kutsutsa zoti maselo a ubongo ali paokhapaokha, Cajal ali pompo. Tsiku lotsatira Cajal adangoyala umboni wake umodziumodzi. Golgi adamwalira mu 1926 asadasinthe maganizo.

Atakalamba adayamba kugontha ndipo ankadwala mutu pafupipafupi, koma sadasiye kulemba. Silveria adamwalira mu 1930. Mu 1933 Cajal adasonkhanitsanso umboni wonse wotsutsa za ukonde zija, poti padali ena okakamirabe, ndipo buku lake lomaliza lidali lofotokoza mmene dziko limaonekera kwa munthu wa zaka 80, kuphatikizapo kuiwalaiwala kwa iye mwini. Adamwalira ku Madrid pa 17 October 1934 ali ndi zaka 82, atasiya zojambula pafupifupi 2,900.

Mpata wa pakati pa selo ndi selo, umene adaumenyera nkhondo kuyambira 1888, iye sadauonepo. Ndi waung'ono koti mipata yoposa 1,000 itasanjikizana siingafike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo maikulosikopu a nthawi yake sakadauonetsa. Udajambulidwa koyamba m'zaka za m'ma 1950, ndi makina atsopano ogwiritsa ntchito ma electron, patapita zaka pafupifupi 20 chimuikireni m'manda.